Palafini m'galimoto ya mkwatibwi

Ndikukumbukira chaka chimene mafuta anasowa, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndimachikumbukira ndi lilime. Ntchito yanga yoyamba inali yoyamwa payipi. Amalume anga, a Bwanali, ankagulitsa petulo wa m'mabotolo patsinde pa mango m'mbali mwa msewu wa ku Lifuwu. Kuti petuloyo achoke m'chigubu alowe m'botolo, pankafunika munthu woyamwa payipi mpaka mafuta ayambe kuyenda. Iwo ankati chifuwa chawo sichigwirizana ndi petulo, ngati kuti changa chinali chachitsulo.

Ukachedwa kuchotsa payipi, mafuta ankadzaza m'kamwa. Ndinkalavula, kutsuka m'kamwa, kutafuna nzimbe, koma ndikageya madzulo fungo linali lomwelo. M'menemo ndinaphunzira zimene sindinafune kudziwa. Petulo weniweni amawotcha lilime n'kuuma msanga. Wosakaniza ndi palafini amanona, amakakamira kukhosi tsiku lonse. Amalume ankathira palafini pang'ono m'chigubu chilichonse. Njinga zamoto zinkatsokomola koma zinkapita, eni ake n'kumatukwana amakanika osalakwa.

Chaka chomwecho achemwali anga a Eneless anapeza banja. Mwamuna wawo anali wabwino, koma abale ake a ku Lilongwe ankatiyang'anira kumbali. Pa chinkhoswe, mayi wina wa kuchimuna anatseka mphuno n'kunena mokweza kuti mwana wawo watola mkazi wa fungo la usipa. Amayi athu ankagulitsadi usipa, ndipo ndi usipawo umene unatiphunzitsa sukulu. Mawuwo anawalowa achemwali. Ankangofuna chinthu chimodzi: kuti tsiku la ukwati akatsike pakhomo pa tchalitchi ali oyera, akununkhira, anthu aja asowe chonena.

Mwayi unabwera ndi a Yohane, achimwene a mkwati, amene ankagwira ntchito ku Joni. Anabwera ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati yagwada, ndipo ikalira agalu onse ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Analonjeza kunyamula mkwatibwi. Vuto linali lakuti pofika kwathu mafuta anali atatsala pang'ono, ndipo ku Salima konse mapampu anali ouma.

M'mawa wa tsiku la ukwati amalume anatulukira ndi zigubu ziwiri, atavala jekete. Iwo ndiwo anali ankhoswe, choncho anafuna kuti anthu a ku Lilongwe aone kuti nafenso ndife anthu. Analengeza kuti mafutawo ndi mphatso yawo. Ine ndinkadziwa kuti dzulo lake m'nyumba mwawo munali chigubu chimodzi chokha cha petulo.

A Yohane anatsegula pothirira mafuta n'kuwaonetsa nambala yolembedwa mkati mwa kachitseko.

"Pepani amalume," iwo anatero, "galimoto iyi ndi yosankha. Ku Joni petulo ali ndi manambala, ndipo iyi imamwa wa nambala yapamwamba yekha. Ukaipatsa wofooka injini imagogoda. Ameneyu ndi woyera?"

"Petulo ndi petulo, mwana wanga," anayankha amalume akuseka. "Za manambala muzisiye ku Joni komweko. Takondwa, bwera kuno!"

Ndinagwada pafumbi ndi diresi langa latsopano n'kuyamwa payipi. Zimene zinalowa m'kamwa mwanga sizinali za masiku onse. Anali palafini wonunkhako petulo basi. Ndinamva nseru mpaka misozi. A Yohane anandiyang'ana.

"Uli bwino, mlamu wamng'ono? Mafutawa ali bwanji?"

Amalume anandigwira paphewa mwachikondi, chala chawo chachikulu chikundiboola fupa. Kwathu mwana satsutsa malume, makamaka malume amene wavala jekete la unkhoswe pamaso pa alendo.

"Ali bwino," ndinatero.

Galimoto inanyamuka bwinobwino, amayi akululutira. Ife tinatsatira pa lole. Titadutsa minda ya mpunga tinaipeza itaima pakati pa msewu, ikutulutsa utsi woyera wonunkha ngati koloboyi wazima. A Yohane ankayesa kuiliza, iyo n'kumangogogoda ngati munthu akumenya chitini ndi supuni, kenaka zii. Dzuwa linali litakwera kale. Achemwali anali mkati, thukuta likuchotsa zodzola kumaso.

Lole yathu inali yodzaza ndi anthu, mapoto ndi nkhuni, ndipo matayala ake anali atatitimira mumchenga poima paja. Abusa anali atatumiza kale uthenga kuti ali ndi ukwati wina masana. Amene anapezeka anali bambo wina wa njinga yakapalasa wochokera kunyanja. Anatsitsa dengu lake la nsomba, anayala chitenje pakaliyala, achemwali n'kukwera atanyamula nsapato m'manja. Chitenje chimodzi sichingabise zaka zonse zimene kaliyala ija inanyamula usipa. Anatsika pakhomo pa tchalitchi diresi lili ndi banga lamafuta kumbuyo, ntchentche zikuwatsata. Mayi wa kuchimuna uja anangotulutsa kampango n'kuika pamphuno.

Komatu chimene chimandinyansa mpaka lero si ntchentchezo. Ku madyerero, anthu akufunsana chimene chapha galimoto, amalume anaimirira ndi ntchafu ya nkhuku m'manja, mafuta akuyenderera pachigongono.

"Galimoto yayenda kuchokera ku Joni osavuta," iwo anatero. "Ikafe lero itanyamula munthu mmodzi? Pali ana ena amabadwa ndi minyama. Ife monga ankhoswe tidzamufunira mankhwala."

Ananena zimenezi za mwana wa mlongo wawo, pa ukwati wake, n'kupitiriza kutafuna. A kuchimuna anagwedeza mitu mokhutira. Amayi anawerama. Ine ndinali pomwepo ndi mbale ya mpunga pamiyendo, ndipo amalume podutsa anandiponyeramo chiwindi. Ndinadya. Chinkamveka palafini, koma ndinadya.

Patapita masiku makanika anatsitsa thanki n'kupeza zoona zake, koma a Yohane anali munthu waulemu, sanafune kuyambanitsa mabanja. Anangokoketsa galimoto yawo n'kubwerera ku Joni. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho nkhani ya palafini inafera kwa makanika, ya minyama ndiyo inalowa m'banja. Mwana akadwala, mbuzi ikafa, ntchito ya alamu ikavuta, apongozi ankakumbutsa achemwali kuti munthu amene anapha galimoto angalephere chiyani.

Ndinaulula ndili wamkulu, amalume atamwalira kale. Tinali awiri pakhonde kwa achemwali tikusankha mpunga. Ndinafotokoza zonse, za payipi, za chala paphewa, za chiwindi. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Iwo sanasiye n'komwe kusankha.

"Takondwa, ine ndakulira nyale ya palafini," anatero. "Fungo ndinalimva ndili m'galimoto momwemo. Mkwatibwi salankhula pa ukwati wake. Ndinkangodikira kuti wina wa kwathu atsegule pakamwa. Ndinayang'ana amayi, ndinayang'ana iwe."

Zaka zonsezo ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, ndipo n'zoona, ndinali mwana. Koma a Yohane sanafunse amalume okha. Anafunsa ine, chifukwa ndine ndinali ndi mafutawo m'kamwa. Chimene tinkachitcha ulemu tsiku lija chinali mantha, ndipo amene anawalipira ndi achemwali.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga kakale, kosasankha mafuta ngati ija ya ku Joni. Sindigula petulo wa m'botolo ngakhale zitavuta bwanji, ndimalolera kuyenda pansi. Ana anga ndimawauza kuti wamkulu akawagwira paphewa kuti anene bodza, anene zoona mokweza, za ulemu tidzakambirana kunyumba. Diresi lija achemwali analichapa kangapo, banga silinachoke. Analidula n'kusoka makatani a kukhitchini, ndipo ndikapita kukacheza kwawo ndimakhala moyang'ana kukhomo, nditafulatira makataniwo.