Nsapato Zakuda za Kalonga Sudimir

Nezhata ndi mng'ono wanga, ndipo amene anamuphunzitsa kugwira singano ndine. Izi anthu a mumzinda muno saziwerengera. Mukatchula nsapato, dzina lili pakamwa ndi lake.

Tinkasokera m'khumbi limodzi, pafupi ndi msika wa zikopa. Tsiku lina Kalonga Sudimir, ndevu zikungomera kumene, anaima pakhomo pathu ali pa hatchi. Analoza nsapato zofiira zimene Nezhata anasoka mongosewera, zanga zolimba osaziyang'ana n'komwe. M'mawa mwake mng'ono wanga anasamukira kumpanda, kunyumba ya kalonga.

Akalonga athu sakhazikika. Mkulu akamwalira, wamng'ono amasamukira kumzinda wa malemuyo, anthu ake pambuyo. Sudimir analamulira mizinda itatu, Nezhata ali naye konseko. Ine ndinatsala ndi nsapato za anthu wamba ndi za amonke, ndiponso nsanje, sindibisa. Bambo athu atamwalira, Nezhata anangotumiza mtsuko wa uchi.

Kalonga anabwerera kuno atakalamba, akudwala. Monga amachitira akalonga imfa ikayandikira, anametedwa n'kukhala mmonke, kuti akaikidwe atavala zakuda. Apo ndiye Nezhata anatulukira kwanga, imvi zili mbuu.

"Achimwene, ndathedwa nzeru. Nsapato za amonke sindinasokepo."

"Iwe? Mmisiri wa kumpanda? Ingopaka mwaye zofiira zakozo!"

"Musandiseke. Munthu uja safika Lamlungu."

Nsapato zakuda za kalongayo ndinazisoka ine, mokondwa. Ndinkati kalonga akangolowa m'manda, mwana wa mayi anga abwerera pampando wake wosokerapo, umene zaka zonsezi ndinkaukaniza aliyense.

Pamaliro a kalonga azimayi ankanong'onezana kuti, "Taonani msokowo, manja a Nezhata amenewo." Zinandiwawa, koma pang'ono. Chimene chinandipsetsa mtima ndi kulira kwake. Anadzigwetsa pabokosi ngati wafedwa bambo, iye amene kwa bambo ake enieni anatumiza uchi.

Patapita masiku makumi anayi anabweranso. Ndinapukuta mpando uja msangamsanga.

"Khala, Nezhata. Ntchito ilipo yambiri."

Anakhala, n'kuvula nsapato, n'kundipatsa phazi.

"Mundiyeze, achimwene. Zakuda ngati zija. Ndikukalowa umonke komwe agona bwana wanga, kuti azikhala ndi wowayatsira kandulo."

Munthu ali m'manda, komabe anandilandanso m'bale wanga. Muyeso wa phazi lake ndinkaudziwa pamtima, koma ndinaligwira, n'kuchedwa nalo dala.