Chaka Chosowa mu Fayilo ya Profesa

Ine ndi amene ndinaphunzitsa mwana wa mlongo wanga masamu asanamere ndi dzino limodzi lomwe. Ndinkamukhazika pa tebulo langa la utelala, iye n'kumawerenga mabatani mpaka chikwi, akalakwitsa ankadziwaza yekha khofi. Chabwino, limenelo ndi bodza. Mtsikanayo anabwera kwathu ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mayi ake atangoikidwa m'manda, atanyamula jumbo ya zovala ndi kope limodzi, ndipo masamu ankawadziwa kale kundiposa. Changa chenicheni ndi dzina lokha. Ndinamutcha Profesa pomuseka, dzinalo n'kumukanirira ngati nkhupakupa.

Chaka chotsatira kunabwera anthu a kafukufuku, mayi ndi bambo a zipewa zofanana. Ati asankha ana zikwi zitatu oti aziwatsatira chaka ndi chaka mpaka akule, kuti aone chimene chimathandiza mwana kumaliza sukulu ndi chimene chimamugwetsa panjira. Profesa anagwera m'gululo. Ankamuimika pachitseko kumupima msinkhu, kumupatsa masamu a mphindi makumi awiri, kenako mafunso: umayenda nthawi yaitali bwanji popita kusukulu, wajomba kangati, ukufuna kudzakhala ndani. Anthu amenewo akanakupeza ngakhale utabisala m'mimba mwa ng'ona. Tinasamuka katatu, ndipo ulendo wachitatu anatipeza bedi likadali pamutu. Profesa ankawakonda. M'nyumba mwathu munalibe wina amene ankamufunsa funso n'kudikira yankho.

Ali chaka chachiwiri ku sekondale, azakhali ake, mkazi wanga, anagwa kubafa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Ana athu anali aamuna okhaokha, ine ndinali ndi makina oti ndizipalasa. Panalibe amene anakhala pansi n'kugamula. Zinangochitika kuti Lolemba lina yunifolomu inatsala pa msomali. Chaka chathunthu Profesa anakhala m'chipinda chathu chakumbuyo, chopanda mpweya: kutembenuza wodwala, kumusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kuchapa nsalu mpaka zala kusuwa. Azakhali atamwalira, anapita yekha kukagwada kwa ahedi. Anamubwezera m'kalasi yomwe ija, pakati pa ana omwe ankamuitana kuti "Anti".

Lero ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo Loweruka amakwera minibasi kukaphunzira digiri yachiwiri. Mutu wa kafukufuku wake anausankha osaphethira: atsikana amene amasiya sukulu kuti asamale odwala pakhomo, kenako n'kubwerera. Mayankho onse a ana zikwi zitatu aja anasungidwa, ndiye anati akawapemphe.

Kumeneko ndiye anaona zakuda. Fomu ya masamba asanu ndi anayi. Kalata ya Dokotala amene amamuyang'anira ku yunivesite. Kalata ina ya komiti yoona kuti ofufuza asavulaze anthu. Komitiyo inakhala pa kalata yake miyezi isanu ndi iwiri ngati nkhuku yofungatira mwala. Munthu amene anawapatsa msinkhu wake, mantha ake, ngakhale tsiku limene anatha msinkhu, ankamufunsa pawindo kuti, "Ndinu ndani, ndipo mukuwafuniranji?" Potsiriza anamusainitsa lumbiro. Mayina onse anafufutidwa, mwana aliyense ndi nambala chabe, ndipo wopezeka akusakasaka kuti nambala yakuti ndi yani amatsekeredwa khomo mpaka kalekale, yunivesite yake n'kuuzidwa.

Chipinda chowerengeramo mayankhowo n'chopanda zenera. Makompyuta anayi oyang'ana kukhoma, foni umaisiya m'kabati panja, ndipo pakhomo pamakhala mayi wa magalasi amene amaunika kapepala kalikonse kotuluka. Profesa akuti ngakhale mpweya wa m'mphuno amauyang'ana ngati mulibe nambala, koma bodza limenelo ndamuwonjezera ndine.

Anatenga tchuthi kuntchito n'kumapitako tsiku ndi tsiku. Sabata yachitatu kompyuta inamupatsa yankho. Mwa atsikana chikwi chimodzi ndi mazana asanu, amene anasiya sukulu chaka n'kubwerera analipo khumi ndi asanu ndi anayi okha. Anawerenganso. Anasintha kafunsidwe. Chimodzimodzi.

"Mayi, vuto lanuli kulibe," anatero Dokotala uja, akupukuta magalasi ndi tayi. "Anthu khumi ndi asanu ndi anayi si kafukufuku, ndi kwaya. Sinthani mutu. Lembani za mabuku kapena zimbudzi, zimenezo ziliko zambiri. Mundiuze pofika Lachisanu."

"Koma adokotala, kusukulu kwathu kokha ndikudziwa asanu ndi mmodzi."

"Kudziwa kwanu sitingakuike mu tebulo."

Mawa lake anabwerera m'chipinda chija n'kuchita chimene analumbira kuti sadzachita. Anasefa pang'onopang'ono, mayi wa magalasi akuluka juzi kumbuyo kwake. Mtsikana. Wobadwa mwezi wakuti, chaka chakuti. Mayi anamwalira. Mutu wa banja: telala. Anasamuka katatu. Panatsala mzere umodzi.

Anauyenda ndi chala mzerewo, chaka ndi chaka. Apa msinkhu ukukwera. Apa wakhoza masamu onse. Apa akufuna kudzakhala woyendetsa ndege, anali ataiwala. Atafika pa chaka chija anapeza malo a msinkhu ali mbee, a masamu ali mbee. Koma funso loti "Ali pasukulu?" linali ndi yankho: inde. "Wajomba masiku angati?" Ngakhale limodzi.

Zaka zonsezi ankaganiza kuti chaka chimenecho anthu a zipewa sanabwere. Ankawakwiyira mumtima kuti anamutaya nthawi yomwe ankawafunitsitsa. Kani anabwera ndithu, anaima pakhonde, iye ali kuseri kwa khoma akufinya nsalu.

Atapuma, anafunsa kompyuta funso lina: ndi atsikana angati amene chaka china sanaonedwe ndi maso, wachibale n'kuwayankhira kuti ali pasukulu, koma chaka chotsatira anapezeka m'kalasi yomweyo? Anatuluka mazana awiri ndi makumi anayi. Anathamangira nazo kwa Dokotala.

"Amenewo anabwereza kalasi basi. Umboni woti anali pakhomo uli kuti? Ndipatseni mmodzi yekha."

Mmodziyo anali ataima patsogolo pake, atavala nsapato zafumbi, koma sakanatha kutsegula pakamwa. Kunena kuti wadziona mu fayilo kunali kudzimangirira chingwe yekha. Anagona nayo nkhaniyo masiku awiri, mpaka anapeza kakhomo kamodzi. Munthu wofunsidwa ali ndi ufulu wolembera eni kafukufuku kuti yankho lina lokhudza iye linalakwika, osatchula fayilo, bola amene anayankha avomere ndi dzanja lake. Akakonza mzere umodzi, mwina angakaunikenso enawo.

Ndi mmene anafikira pakhonde langa Lachinayi masana, ndikupinda thalauza la mlonda wa pabanki. Sanakhale pa benchi.

"Profesa weniweni! Bwanji nkhope ngati wameza pini? Khala pansi, ndikuuze za bwana wina amene ndinamusokera suti dzana, mimba yake inatha nsalu ya tenti."

"Malume, chaka chimene azakhali ankadwala, anthu a kafukufuku anabwera?"

Makina anga amaima okha akamva funso loipa.

"Iii, zakalekale zimenezo, mwana iwe. Ine ndikukumbuka kuti chaka chimenecho mlatho unakokoloka, galimoto lawo linapita ndi madzi, zipewa zinakapezeka kunyanja."

"Kuno kulibe mlatho, malume."

"Ndiye kuti anabwera ine kulibe. Ndinali nditapita kukagula ulusi."

"Wina anawauza kuti ndili kusukulu, sindinajombepo. Ndikufuna munthu ameneyo asaine apa." Anaika pepala pa thalauza la mlonda. "Palibe amene amangidwe. Ndikungofuna chaka changa chilembedwe."

Ndinaliyang'ana pepalalo. Kunena zoona, m'maganizo ndinawaonanso anthu a zipewa aja ataima pomwepo tsiku lija, bambo uja akuyang'ana yunifolomu pa msomali. Ndinaona makasitomala atatu pa benchi, makutu ali tcheru, oti madzulo ake tauni yonse ikanadziwa kuti telala wasandutsa mwana wamasiye wantchito. Koma pakamwa panga pali ndi miyendo yakeyake.

"Aa, ndakumbuka tsopano! Anali azakhali ako, Mulungu awasunge. Ndi amene anayankha. Ukudziwa mmene analili ndi manyazi mayi amene uja. Anakuwa ali kuchipinda, ‘Ali kusukulu!’ Ine ndinafuna kuwatsutsa, koma munthu wodwala sutsutsana naye."

Profesa anakankhira pepalalo pafupi nane. Sanakweze mawu.

"Azakhali chigwereni kubafa sanayankhulenso mpaka kumanda. Ndine ndinkawapukuta dovu, malume, ndikudziwa. Ndipo anthu aja amalembanso amene wayankha. Pali danga lake. Analemba kuti mlongo wamwamuna wa mayi ake."