Kadiso ka pakhoma la balani

Papurazi, pafamu pomwe ndinakulira, kufupi ndi Macheke, bambo anga ndiwo ankayatsa ndi kuzimitsa nyale zapanja, za kumabalani a fodya ndi za mumsewu wopita kukomboni. Ntchitoyi ankaigwira ngati akulera makanda. Magetsi akathima n'kubweranso, iwo sankathamangira kuswitchi. "Babu likadali lotentha sulidzutsa, limafa msanga," ankatero. Mababu awo ankakhalitsa mpaka foromani ankaiwala komwe anasunga atsopano.

Kenaka kunabwera wamagetsi wochokera ku Ruwa. Anachotsa switchi ija n'kukhoma kabokosi pakhoma la balani. M'kati mwake munali rileyi, kachipangizo kolumikiza ndi kudula moto, ndipo kunja kunali kadiso koona kuwala. Kukada kankalira kuti tha, nyale zonse n'kuyaka zokha. Kankadziwanso kudikira kuti mababu azizire. Zimenezi bambo zinawakhumudwitsa, ndipo ine ndinkawaseka kuti akuchitira nsanje kabokosi.

Chaka chomwecho akulu awo a bambo anamwalira, ine ndili kale pabanja. Anali munthu wa gule, ndipo pamaliro otere chilombo chimachoka kudambwe kachisisira kudzatsanzikana ndi womwalirayo. Njira inali imodzi yokha, ya pansi pa nyale zija, koma chilombo sichiyenda poyera ngati basi. Kale bambo ankangochedwetsa kuyatsa. Tsopano anali atalonjeza anzawo mdima womwe sunalinso m'manja mwawo.

Amuna anagwirizana nzeru yomwe aliyense wa kwathu akanaiganiza: chosayenera kuona umachiphimba kumaso. Dzuwa lisanalowe anamanga chiguduli pakadiso kaja. Tha! Nyale zonse ngwee, kunja kukuwala. Ife azimayi pasiwa tinabisa kuseka m'zitenje, maliro ali m'nyumba.

Bambo sanaseke. Anamasula chigudulicho, nyale zinazima, iwo n'kuima kanthawi akuyang'ana kabokosiko. Kenaka anandikodola.

"Mwanawe, kanditengere tochi yanga."

"Ababa, tochi dzuwa lilipo?"

"Kamenekatu kamaopa mdima. Ndikufuna ndikanamize kuti kukadali masana."

Kutayamba kuda anakwera padiramu n'kuloza tochi m'kadisomo. Msewu wonse unati bii. Ng'oma zinalira, chilombo chinadutsa kumbuyo kwawo, chinavina pakhomo pa akulu awo mpaka kubwerera komwe chinachokera. Akanangotsitsa mkono, nyale zikanayaka, manyazi n'kugwera mudzi wonse. Sanautsitse. M'mawa mwake mkonowo unkalephera kunyamula ngakhale kapu ya tiyi.

Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa. Anthu a pakomboni amasimbabe kuti gule wa tsiku limenelo anali wosaiwalika. Koma bambo, omwe analowa gule tsiku limodzi ndi akulu awowo, anamumva ndi makutu okha, nkhope ili kukhoma.