Mlamba Umene Ndinkakwirira

Pepani owerenga, ine si wolemba. Nkhaniyi ndailemba n'kuifufuta kanayi, ndipo pamene ndalakwitsa mundikhululukire. Ndangofuna kunena za malume anga, msodzi wa mumtsinje wodutsa kuseri kwa tauni yathu.

Anthu amawatchula kuti Ambedza. Kwa zaka zambiri ankawedza padziwe lina, kumunsi kwa malo amene amisiri amaswerapo mabatire akale a galimoto. Asodzi ena ankathawa fungo la pamenepo, choncho milamba yake inkakalamba n'kunenepa. Malume ali ndi lamulo limodzi: nsomba yaikulu kuposa zonse sigulitsidwa, imapita kwa woyembekezera wa m'banja. Chaka chino woyembekezerayo ndi mkazi wanga.

Ine kusukulu ndinaphunzira kuti mtovu wa m'mabatire umalowa m'matope, nsomba n'kumaumeza pang'onopang'ono, ndipo yokalamba ndiyo imasunga wambiri. Ukafika kwa mwana wosabadwa, umatha kuwononga ubongo. Koma mphatso ya malume n'kuikana bwanji? Ndinkalandira ndi manja awiri, iwo akangotembenuka ine n'kukaikwirira kuseri kwa nyumba. Ndinatero kwa milungu isanu, kapena isanu ndi umodzi, sindikufuna kunama.

Tsiku lina anabwerera kudzatenga chipewa chawo, n'kundipeza khasu lili m'manja.

"Mphwanga, wayamba kudzala nsomba? Zikamera undigawireko mbewu."

Ndinawafotokozera za mtovu uja. Iwo anasuzumira m'dzenjemo.

"Ndiye sukulu yonse ija unapitira kuti uzikwirira nzeru?" anatero. "Wako wamuteteza. Nanga amayi amene amandigula pamsika, m'mimba mwawo muli maungu?"

M'mawa mwake ananyamula milamba iwiri mu ndowa, wina wa padziwe lija, wina wa kumtunda kwa mtsinje, ndipo tinapita nayo kwa oyeza zakudya. Patatha masabata awiri pepala linabwera. Wa padziwe unali ndi mtovu wopitirira muyeso, wa kumtunda unali bwinobwino.

Tsopano amapalasa njinga ola lathunthu kukawedza kumtunda. "Tinsomba take ngati zala," amadandaula, "koma ndikamagulitsa ndimayang'ana munthu m'maso." Mkazi wanga akudya timeneto, ndipo anamwino akuti mwana akukula bwino.

Dzulo ndamva kuti msodzi wina watchera ukonde padziwe limene malume anasiya. Mantha ndili nawo, koma Loweruka nditenga pepala lija, ndikamuwerengere iyeyo ndi oswa mabatire, mokweza.