Limba limene linaiwala zonse

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Nsaru, mpingo wathu unalandira limba lamagetsi. Analitumiza mwana wa mkulu wina wa mpingowo, kuchokera ku Joni komwe ankagwira ntchito. Linali lakale ndithu, mabatani ake achita chikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe, koma linkalira bwino. Popeza ndinaphunzirako kuliza limba kukoleji, udindo unagwera ine.

Vuto lake linali limodzi. Likatenthedwa, linkangoyamba lokha kanyimbo kamene kanali m'mutu mwake kuchokera kufakitale, kang'oma kothamanga koyenera paukwati. Lamulungu lina linayamba abusa ali pakati popempherera odwala. Ndinadina batani lililonse, kanyimbo osaleka. Nditadzutsa mutu ndinaona mkulu wa mpingo uja, maso ali chitsinzire, phazi likugunda pansi motsatira ng'oma.

Mawa lake ndinalimanga panjinga kupita nalo kwa alamu anga, mng'ono wa amuna anga, amene ankakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la golosale ku Msundwe. Anamasula, nasuzumira, kenako anandilozera kachitsulo kakuda kamiyendo yambiri ngati bongololo. Atamatula kapepala kamene kanamatidwa pamsana pake, panaoneka kazenera kagalasi.

"Alamu, ubongo wake ndi umenewu. Amati tchipi. Kanyimbo kanu kaja kakugona m'katimu."

"Ndiye tikatulutsa bwanji?"

"Ndinaonera pafoni. Pali kuwala kwina kobisala m'dzuwa, amati yuvi. Kukalowa pazenerapa, katchipi kamaiwala."

"Kamangoiwala kanyimboko basi, eti?"

"Inu siyirani ine," anatero akuika katchipi m'bokosi la machesi.

Tinayamba ndi dzuwa lenilenilo. Inali nyengo yokumba mtedza, ndipo alamu anakayanika katchipi pamphasa ya apongozi anga, pambali pa mtedza, kazenera kataloza kumwamba. Apongozi sanauzidwe. Madzulo anawola zonse n'kuthira m'thumba. Tinakhuthula matumba onse, banja lonse litagwada kufufuza ubongo wa limba, apongozi akufunsa ngati chinthucho chimaluma. Tinakapeza, n'kupitiriza kukayanika padenga kwa masiku angapo. Titakabwezera m'limba, linatilandira ndi ng'oma yake yomweyo, mwinanso yokoma kuposa kale.

"Dzuwa la kuno ndi laulesi," anatero alamu. "Pafunika nyale."

Nyale yotero inapezeka ku Namitete, kwa bambo wina wometa tsitsi. Anali ndi kabokosi kachitseko kowala mobiriwira m'kati, momwe ankaikamo makina ometera ndi zipeso kuti tizilombo tife. Tinakwera minibasi Loweruka m'mawa. Wometa uja anamvetsera nkhani yathu lumo lili m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi.

"Mayi, bokosili lalandirapo zipeso za anthu a mfundu ndi zipere, koma ubongo ayi. Ikani. Koma musasuzumiremo, kuwalako kumaotcha maso."

Tinakhala pabenchi kudikira. Amuna amene anali pamzere anayamba kufunsa mafunso. Wina anafuna kudziwa ngati bokosilo lilipo lalikulu, loti mungalowe mutu wa akazi ake, popeza akukumbukirabe zimene iye ananena ataledzera pa Khirisimasi. Wometa anati likanakhalapo bwenzi atasiya kumeta kalekale.

Titabwerera ku Msundwe, alamu anabwezera katchipi, namanga zonse, nalumikiza kubatire. Tinadikira ng'oma, sinabwere. Alamu anawomba m'manja. Ine ndinaika zala pamabatani kuti ndiyese nyimbo yotsegulira mapemphero. Zii. Ndinadinanso mwamphamvu. Zii.

"Alamu, bwanji silikulira?"

Anatulutsa foni, nayang'ana kwa kanthawi. Zinapezeka kuti kanema amene anaonera uja anali gawo lachiwiri. Gawo loyamba linkanena kuti usanafufute uyambe wakopera zonse za m'tchipi ndi makina apadera, kuti udzazibwezeremo pambuyo pake. Makinawo analibe, ndipo zokopera zinali zitatsala m'bokosi la wometa pamodzi ndi tizilombo.

"Koma kanyimbo kaja kachoka, eti?" anatero motsitsa mawu.

Ndinakafotokoza zonse kwa abusa. Anandimvetsera osandidula, kenako anandifunsa mobwereza za kazenera kaja ndi kuwala. Ndinkayesa akusonkhanitsa mlandu. Lamulungu linzake analamula kuti limba liikidwe patebulo kutsogolo, nalalikira za kukhululuka: kuwala kukalowa mumtima, zakale zonse zimafafanizika, osatsala ngakhale kang'oma. Anaitana alamu kuti aimirire, mpingo uone munthu amene Mulungu anamugwiritsa ntchito. Alamu anaimirira atavala jekete la achimwene awo, akugwedeza mutu modzichepetsa, ine ndikuluma mlomo kumpando wa kwaya. Tsiku limenelo tinaimba pakamwa pokha, ndipo tinapitiriza choncho mpaka mvula itagwa.

Potuluka, mayi wina wamvano anawagwira dzanja alamu pakhomo. Anati mawa awabweretsera wailesi yawo, chifukwa chiyambire chaka imangonena za kukwera mtengo kwa feteleza.