Mkulu wa Mpingo Wophethira

Ku Kaomba kuli mkulu wa mpingo wina amene saphwanya lamulo, kaya la m'Baibulo kaya la kuchipatala. Dzuwa la Okutobala likang'amba, fumbi n'kumauluka m'minda ya fodya, maso awo amauma n'kumawawa ngati mwalowa mchenga. Adokotala a ku Boma anawapatsa mankhwala odontheza ndipo anawalangiza kuti aziphethira pafupipafupi. Ndiye amaphethira ndi mtima wonse.

"Diso ndi nazale," amatero, "limafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo."

Lamulungu lina akupereka zolengeza m'tchalitchi, nkhope yawo inalunjika kumbali ya amayi, pomwe panakhala a Sellina, mayi wamasiye. Anaphethira mpaka zolengeza zinatha. Madzulo ake a Sellina anatumiza tambala wonenepa, pamodzi ndi uthenga woti amva ndipo sakukana.

Akazi awo a mkuluyo anamuyeza tambalayo m'manja kwa kanthawi.

"Ndi matendatu, mayi," anadandaula mkuluyo, akuphethirabe.

"Ndikudziwa, bambo. Tambalayu tidya ndithu," anayankha akazi awowo akunola mpeni. "Koma kuyambira mawa muzivala magalasi akuda, ngakhale paguwa pomwe."