Kuperekeza Apongozi ku Zambia

Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika pa chipata cha malire si patali. Pa matola umafika usanamalize kukukuta chimanga chootcha, bola galimotoyo isathe mafuta panjira. Ndinakhala pa bomapo ngati mtolankhani matipati atangoyamba kumene, ndipo alendo obwera kwathu ndinkawatengera malo atatu: kumsika, ku Guilleme kukaona tchalitchi, ndi kumalire kukaona mathiraki. Mlendo akakhalitsa, tinkabwereza.

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Dowa mwezi wa Epulo, anthu atayamba kukumba mtedza. Zokaona tchalitchi cha ku Guilleme analibe nazo ntchito. Mkazi wanga anali atawauza kuti timakhala pafupi ndi Zambia, ndipo mawuwo pofika kumudzi anali atakula. Asananyamuke, apongozi anaimirira pakati pa amayi anzawo a kumpingo n'kutsanzika kuti akupita kunja. Anawapempherera. Mayi wina, amene mkamwini wake anamufikitsapo ku Tete ndipo sankatha kucheza osatchula Tete, anati adzakhulupirira akadzaona chithunzi. Choncho apongozi sakanabwerera kwawo osaponda Zambia, ndipo akanalephera, manyazi akanakhala awo koma mlandu wanga.

Sabata imeneyo mkazi wanga, yemwe anali namwino, analibe tsiku lopuma. Woperekeza ndinatsala ine. Tsono kwawo kwa mkazi wanga mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sakhala mphasa imodzi, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Apongozi anga mwambowu ankausunga mosaphonya. M'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ndinkatsokomola ndisanatuluke kuchipinda, iwo n'kulowa kukhitchini kuti ndidutse. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga.

Loweruka m'mawa iye anatiperekeza pa siteji atavala kale yunifolomu.

"Inu, musawathamangitse amayi. Amayi, bambowa akaima, nanunso muziima."

"Uwauze kuti ndamva," anatero apongozi akuyang'ana matayala a galimoto.

Galimotoyo inali pikapu. Kondakitala ataona bambo wa tayi ndi mayi wachikulire, anatipatsa ulemu wa mpando wakutsogolo, tonse awiri, phewa ndi phewa. Apongozi anadumphira m'mbuyo ngati aponda moto. Mapeto ake iwo anakhala kutsogolo, ine ndi tayi wanga tinakwera kumbuyo pa thumba la usipa. Mwini thumbalo, mayi wa geni, anakhala pafupi ndi kazenera kopanda galasi kumbuyo kwa dalaivala, ndipo ndiye anasanduka lamya yathu.

"Auzeni amayi kuti mapiri ali kumanjawo ndi a Mchinji," ndinatero, pakuti mlendo ayenera kubwerera kwawo akudziwa kanthu.

Mayiyo analowetsa mutu pakazenerako, kenako n'kuutulutsa. "Akuti kwawo aliko aakulu kuposa amenewo."

"Auzeni kuti kale boma lino linkatchedwa Fort Manning."

"Zimenezo sindinena, bambo. Munthu wachokera ku Dowa kuti adzamve za azungu akufa? Bwanji osafunsa ngati amwa tiyi?"

Kumalire kunali monga mwa masiku onse: mzere wa mathiraki, madalaivala atagona pansi pake, maejenti akuthamanga ndi mafayilo, ndi osintha ndalama akuitana aliyense kuti bwana. Tinayenda mwa dongosolo lathu, ine patsogolo, apongozi kumbuyo, pakati pathu mpata woti basi ikhoza kuimapo.

Mu ofesi ndinatulutsa pasipoti ndi khadi la utolankhani, limene masiku amenewo ndinkakhulupirira kuti limatsegulira anthu awiri. Apongozi anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa khadi la kumpingo. Ofesala anali munthu waulemu. Analiwerenga mbali zonse ziwiri, n'kunena kuti khadilo ndi labwino kwambiri koma iye alibe mphamvu pa zakumwamba. Ine ndikanatha kudutsa, iwo ayi.

"Afotokozereni amayi anuwo," anatero.

"Ndi apongozi, bwana. Afotokozereni ndinu."

Anayang'ana ine, anayang'ana mpata unali pakati pathu, n'kudzuka pampando kukawauza yekha.

Apongozi sanadandaule. Anamanganso khadi lawo m'chitenje, anatuluka, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango atandifulatira. Patapita kanthawi anauza mtengowo motsitsa mawu kuti, "Ena akamwini awo anawafikitsa ku Tete." Ndalembapo nkhani za ngozi ndi za njala, koma palibe chiganizo chinandilasa ngati chimenecho.

Apa ndi pamene anafika wojambula zithunzi, bambo wa imvi wokankha njinga, kamera ikulendewera pakhosi. Nditamufotokozera, anati kuseri kwa magolosale kuli kanjira kopita pa mwala wa simenti wosonyeza malire, ndipo alendo ambiri amawajambula pamenepo. Ine monga munthu wodziwa malamulo ndinanenetsa kuti tiima mbali ya Malawi. Zambia angooneka kumbuyo.

"Palibe vuto," anatero. "Aoneka ngati katani ya mu situdiyo."

Mwalawo unali wofika m'mawondo, utaima pakati pa udzu. Mbali ino kunali chimanga ndi mtedza. Mbali inayo kunali chimanga ndi mtedza.

"Afunseni bambowo," apongozi anauza wojambula, "Zambiayo ndi iti?"

"Ndi imeneyo, mayi."

"Mtedzawo?"

"Womwewo."

Apongozi anakonza duku. Analamula, kudzera mwa wojambula, kuti mkamwini akhalemo m'chithunzi, chifukwa m'chithunzi cha ku Tete mkamwini analimo. Iwo anaima pafupi ndi mwala, ine ndinaima patali pa ulemu.

Wojambula anatsinzina diso limodzi. "Bambo, simukukwana. Sunthirani kwa amayi."

Ndinasuntha phazi limodzi. Apongozi, osandiyang'ana n'komwe, anasuntha phazi limodzi chafutambuyo.

"Mayi, inu musasunthe. Bambo, pang'ononso."

Ndinasuntha. Anasuntha.

"Kodi anthu inu munayambana?"

"Ndi apongozi."

"Ndiye bwanji osanena? Filimu yanga si yotambasuka ngati legeni."

Wojambulayo anabwerera m'mbuyo kuti atikwanitse tonse, n'kundikodola ndi dzanja. Nditasunthanso, ndinaona ndi ngodya ya diso kuti apongozi afika pa mzere weniweni wa mwala uja, chidendene chili kale kutsidya. Monga mtolankhani ndinkadziwa tanthauzo lake. Monga mkamwini ndinalibe chilolezo chowauza. Ndinayang'ana kumanzere ndi kumanja: kunalibe yunifolomu iliyonse, mbuzi zokha. Ndinakonza tayi, n'kuponya phazi lalikulu kwambiri, lolunjika kwa iwo.

Apongozi anathawa ulemu wanga chafutambuyo, anadutsa mwala, analumpha mzere, n'kukaima pa mulu wa mtedza wokumbidwa kumene.

M'mundamo munadzuka mayi amene tonse sitinamuone, khasu lili m'manja.

"Imwe amai, mwaponda nshawa zanga. Anthu a ku Malawi mulibe maso?"

"Pepani, mayi. Mwati anthu a kuti?"

"A ku Malawi. Bwererani kwanu, kuno ni ku Zambia."

Apongozi anayang'ana mapazi awo. "Tanenaninso, mayi."

"Nakamba kuti kuno ni ku Zambia. Simumvera?"

Kamera inalira kuti khethe.

Sanafulumire kubwerera. Anawerama, anaunjikanso mtedza uja bwinobwino, anafunsa za mvula ya kumeneko, za ana, ndi za mtengo wa mchere. Mayi uja mtima utatsika anawapatsa phata limodzi la mtedza, masamba ndi dothi lomwe. Mwa kuwerengera kwanga, ulendo wonse wa kunja unatenga nthawi yophikira tiyi. Ine ndinaima ku Malawi ndi pasipoti m'thumba, ndikuyang'ana mbuzi.

Madzulo mkazi wanga atafika, apongozi anamuitanira kukhitchini. Ndinamva zonse chifukwa khoma lake linali lopyapyala.

"Uwauze bambo a kunyumba kuno kuti Zambia ndi dziko labwino, koma anthu ake ndi aukali. Asamapiteko okha."

Chithunzi chinachedwa, pakuti wojambula ankadikira kuti filimu ithe kenako akatsukitse ku Lilongwe. Chitafika tinachitumiza ku Dowa, china n'kusunga. Pakati pali mwala. Kumanja kuli apongozi pa mulu wa mtedza, pakamwa pali pululu, ndi mayi wolozera ku Malawi ndi khasu. Kumanzere, m'mphepete mwenimweni, kuli khutu langa limodzi, phewa ndi theka la tayi.

Mkazi wanga atapita kumudzi pa Khirisimasi anapeza phata la mtedza lija lili lopachikidwa kudenga, osaloledwa kukazinga. Anamvanso kuti mayi wa ku Tete anachiyang'anitsitsa chithunzicho n'kufunsa chifukwa chake mkamwini akuoneka theka. Apongozi anamuyankha kuti mkamwini woleredwa bwino amaoneka choncho, ndipo anafunsa kuti nanga uja wa ku Tete anakwanamo bwanji yense.